Guendolen: Sitima Yankhondo Yoyendera Nkhuni

Sabata ino ndiyambe ndi inu anyamata a chiwaya, inu amene mumatikazingira tchipisi pafupi ndi depoti. Kodi mukudziwa kuti mawu akuti chiwaya agogo athu ankawatchula mtima uli m'mwamba? Kwa iwo chiwaya chinali ndi tanthauzo linanso. Inali mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana, kuthetheka ngati chimanga pamoto, ndipo nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 kuno kwathu inkatchedwa Nkhondo ya Chiwaya.

Ambiri timaganiza kuti nkhondo imeneyi inali ya azungu okhaokha kwawo ku Ulaya. Ayi ndithu. Kuno inafika, ndipo siinayambire pamtunda. Inayambira panyanja yathu yomweyi. Mzinga woyamba unalira kuchokera pa sitima yotchedwa Guendolen, ndipo lamulo loti ulire linachokera muno mu Zomba, m'tsinde mwa phiri lathuli. Lero tiyeni tiiunike sitima imeneyi: inachokera kuti, inali ndi zida zotani, inagwira ntchito yanji, nanga amene analipira ndani. Funso lomalizali ndiye fupa la nkhani, chifukwa inu a geni mukudziwa bwino kuti palibe katundu amene amafika yekha pa benchi.

Zilombo za m'nyanja zamchere

Tiyambe ndi zakunja pang'ono kuti timvetsane. M'zaka za m'ma 1870 maiko a ku Ulaya anayamba mpikisano wopanga sitima zankhondo zotha kuyenda maulendo ataliatali, koma zovala lamba wa chitsulo m'chiuno, pamene pamalekezera madzi, kuti bomba la mdani lisaboole. Anayamba ndi a ku Russia ndi sitima yawo ya General-Admiral mu 1873. Angerezi ataona anati nafenso, ndipo mu 1875 anakhazika pamadzi HMS Shannon. Shannon inkalemera matani oposa 5,000, lamba wake pena anali wochindikala mainchesi 9, ndipo inali ndi injini ya malasha komanso matanga ngati zombo zamakedzana. Koma geni yake sinayende. Sitimayo inali yaulesi pothamanga, inangogwira ntchito zaka zochepa kunja basi n'kubwezedwa kwawo kukalondera gombe, ndipo mu 1899 anaigulitsa ngati zitsulo zakutha.

Zilombo zoterezi kuno sizikanafika. Zambezi ndi wosaya, ndipo Shire ali ndi mathithi kuyambira ku Kapichira mpaka cha ku Matope, pamene ngakhale bwato silidutsa. Ndiye sitima iliyonse yofuna kuyenda panyanja yathu inkayenera kubwera zidutswazidutswa. Inkakwera mtsinje mpaka cha ku Chikwawa, kenako pamitu pa anthu kulambalala mathithi, n'kukailumikiza kumtunda. Ilala yoyamba ija ya mu 1875 inadutsa choncho pamitu pa anthu mazanamazana. Ya Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya ku Likoma imene inayamba kuyenda mu 1901, mawerengero ake anasungidwa: inabwera m'zidutswa 3,481, ndipo thanki yake yowiritsira madzi, yolemera matani 11, anaikoka pangolo amuna 450 achingoni. Tangoganizani thukuta lake.

Mukakwera phiri la Zomba n'kukaima cha ku dzenje la Chingwe, mukayang'ana kumadzulo mumaona chigwa cha Shire chili ndee pansi panu. M'chigwa chimenecho ndi mmene munkadutsa zitsulo zonsezi. Ngakhale sitima ya Ajeremani imene tikambe kutsogoloku, ya Hermann von Wissmann, inadzera momwemo, ndipo anailumikizira ku Mpimbi m'mbali mwa Shire mu 1893. Inde, sitima ya Ajeremani inabadwira m'dziko lolamulidwa ndi Angerezi. Nthawi imeneyo anali pachibale.

Chifukwa chake boma linkafuna mizinga panyanja

Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda mu Zomba mu 1891, anapeza kuti nyanja ili ndi eni ake. Mfumu Makanjira inali ndi zombo za matanga zowolotsa minyanga ndi akapolo kuchokera tsidya lino kupita tsidya la kum'mawa. Mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire anapita pa sitima ya Domira kukawononga zombozo, koma iye ndiye anatsala komweko, anaphedwa. Boma linaona kuti popanda sitima za mizinga nyanja silingaigwire. Mu 1893 zinafika ziwiri zazing'ono, Pioneer ndi Adventure, ndipo Makanjira anayamba kupanikizika. Chakumapeto kwa 1895 asilikali ananyamuka ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, n'kukagonjetsa Mlozi ku Karonga. Pa ulendo umenewo sitima ya Ajeremani ija inathandiza kunyamula asilikali a Angerezi.

Pano tinene chilungamo mbali zonse. Sitima zimenezi zinathandizadi kuthetsa malonda a akapolo, ndipo amene makolo awo anapulumuka goli sangazinyoze. Koma sitima zomwezo ndi zimene zinkabweretsa bwana wa msonkho. Mzinga umene unathamangitsa wogula anthu ndi womwewo umene unkakumbutsa mfumu iliyonse ya m'mbali mwa nyanja kuti mwini dziko tsopano amakhala ku Zomba.

Guendolen inabwera nkhondo zimenezi zitatha kale. Anaipanga ku England, n'kubwera nayo zidutswazidutswa monga zinzake, ndipo inakhazikidwa pamadzi ku Fort Johnston mu 1899, chaka chomwe Shannon ija inkagulitsidwa ngati zitsulo. Dzina lake anatengera kwa Lady Gwendolen Cecil, mwana wamkazi wa Lord Salisbury amene anali nduna yaikulu ya Britain. Inkalemera matani pafupifupi 350. Mukaiyerekeza ndi Shannon inali kamwana, ndipo ngakhale Ilala imene timaidziwayi, ya mamita 52 imene inayamba kuyenda mu 1951, ndi yaikulu kuposa iyo. Koma panyanja pathu nthawi imeneyo Guendolen ndiye anali tambala.

Zida zake zinali zotani?

Lamba wachitsulo ngati wa Shannon inalibe. Thupi lake linali la zitsulo wamba zolumikiza ndi misomali, chifukwa chidutswa chilichonse chinkayenera kukhala choti anthu angathe kuchisenza kapena kuchikoka. Chida chake chenicheni chinali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss, wothira bomba limodzilimodzi chakumbuyo koma mofulumira. Umene uli ku Mangochi lero ndi wa bomba lolemera mapaundi 6. Kwa inu a sikelo, amenewo ndi makilogalamu osakwana atatu, ngati mapaketi atatu a shuga mutatapako pang'ono. Pakamwa pa mzingawo ndi mamilimita 57 basi, poti ngakhale nkhonya ya mwana singalowe. Si chinthu choopsa mukachiona. Koma pamene mnzako ali ndi bwato la matabwa kapena nyumba ya udzu, kabomba kameneko ndi chiweruzo.

Injini yake inali ya nthunzi. Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Kunyanja kuno kunalibe malasha ogula. Sitima zonse za nthawi imeneyo zinkayendera nkhuni. M'madoko a m'mbali mwa nyanja munali malo osungira nkhuni, ndipo sitima ikaima, anthu ankayamba kupakira mitolo mpaka ikwane yofikira doko lotsatira. Wina ankadula mitengoyo, wina n'kuiwaza, wina n'kuisenza kupita nayo kugombe, ndipo wina ankaima kunsi kwa sitima pa ng'anjo, kutentha kwa Okutobala, kumaponya zikuni usana ndi usiku. Azungu pa sitimayo anali owerengeka: kaputeni, mainjiniya ndi ena ochepa. Otsalawo, osonkha moto, okoka zingwe, opalasa mabwato, ophika, anali anthu akuda a m'mbali mwa nyanja. Ndiye mukandifunsa kuti zida za Guendolen zinali chiyani, ine ndiyankha kuti mzinga, injini, nkhwangwa ndi misana ya anthu. Mukachotsapo ziwiri zomalizazi, zinazo ndi zitsulo zongoyandama.

Kwa zaka 15 sitimayi sinamenye nkhondo. Inkangozungulira nyanja kunyamula mabwana a boma, makalata, asilikali osinthana malo ndi katundu. Kunena mwachidule inali basi ya boma. Mzinga uja unkangogona, ndipo kaputeni wake, Edmund Rhoades, anapalana ubwenzi ndi kaputeni wa sitima ya Ajeremani, Berndt. Ankachezerana, kumwera limodzi akakumana padoko.

Lamya ifika ku Zomba

Pa 4 Ogasiti 1914 Britain inalengeza nkhondo ndi Germany. Uthenga unafika ku Zomba pa waya kwa bwanamkubwa Sir George Smith. Vuto lake linali loonekeratu. Malire ndi Ajeremani anali kumpoto, pamtsinje wa Songwe kupitirira Karonga, pamene asilikali a KAR anali kuno kummwera. Msewu wa galimoto wopita kumpoto kunalibe. Njira yachangu inali imodzi yokha, nyanja. Koma panyanjapo panali Hermann von Wissmann, nayo ili ndi kamzinga kake. Sitima imodzi yokhala ndi mzinga ikhoza kumiza sitima zonse zodzaza asilikali, imodziimodzi. Ndiye lamulo linachoka ku Zomba kupita kwa Rhoades: kaipeze sitima ya mnzakoyo, uithane nayo isanayambe ndiyo.

Olemba mbiri amati kukonzekera kwake kunali kwa mwadzidzidzi. Mabomba amene anapezeka anali akalekale, ndipo munthu wodziwa kuombera mzinga anasowa, mpaka anakatenga mzungu wina wa ku Scotland wogulitsa m'sitolo ya Mandala amene anaphunzirako za mizinga kwawo. Mwamva inu a m'magolosale? Nkhondo ya panyanja yathu anaitsegula ndi munthu wa pakauntala.

Pasanathe masabata awiri chilengezereni nkhondo, m'mamawa, Guendolen inalowa padoko la Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Mwayi wake, anapeza Hermann von Wissmann ili pamtunda, ataikokera kuti aikonze. Wa Mandala uja anayamba kuombera. Mabomba ena anaphonya, ena anangogwa osaphulika, mpaka limodzi linamenya. Nkhani imati Berndt anatsika kugombe ali wolusa, nalowa m'bwato n'kupalasa mpaka pa Guendolen kukafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Bambo wa anthu sankadziwa n'komwe kuti kunja kuli nkhondo. Anamugwira pomwepo kukhala mkaidi, ndipo Angerezi anazula mzinga wa sitima yake ndi zitsulo zina za injini kuti isayendenso. Manyuzipepala a ku London anailemba ngati chipambano chachikulu, ndipo mpaka lero imawerengedwa m'gulu la nkhondo zoyambirira za pamadzi za 1914.

Apa pali phunziro limene aliyense wa geni akulidziwa. Berndt sanagonje chifukwa choti mzinga wake unali waung'ono. Anagonja chifukwa nkhani inamupeza mochedwa. Angerezi anali ndi waya wa lamya wochokera ku Blantyre kudzera mu Zomba ndi Fort Johnston, kutsata nyanja mpaka ku Karonga. Iye analibe womutsina khutu. Zili ngati iwe wakaoda matumba 20 a nyemba pamtengo wa dzana, osadziwa kuti usiku kwafika malole atatu. Pofika m'mawa mnzako amene mumadyera mbale imodzi wakugwetsa kale.

Nyanja itatseguka

Nkhani ya Berndt imaseketsa, ndipo alendo odzaona dziko amaikonda. Koma zimene zinatsatira sizoseketsa. Nyanja itangotseguka, asilikali ananyamuka ku Zomba kupita ku Fort Johnston, n'kukwera Guendolen ndi zinzake, kuphatikizapo Chauncy Maples imene boma linatenga kwa amishoni. Anakatsika ku Karonga motsogozedwa ndi Kaputeni Barton. Pa 9 Sepitembala 1914 kunali nkhondo yoopsa ku Karonga ndi ku Kasoa, ndipo Ajeremani anabwezedwa. Koma tikati Ajeremani ndi Angerezi tisanamizane. Azungu anali oyang'anira chabe. Ambiri mwa amene ankaomberana ndi kugwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda, ena a iwo olankhula zinenero zoti akanatha kumvana pamsika.

Magazi a ku Karonga ndi amene anakwiyitsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, amene nkhope yake mumaigwira tsiku ndi tsiku pobweza chenji. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa ngati anthu. Boma silinafune kuti mawu amenewa afalikire. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ndipo pofika pa 3 Febuluwale iye anali ataphedwa. Ndiye mukaona ndalama ija, dziwani kuti pali chingwe chochokera pa mzinga wa Guendolen, kudzera ku Karonga, mpaka ku Mbombwe.

Guendolen inabwereranso ku Sphinxhafen kumapeto kwa Meyi 1915, poopa kuti Ajeremani akukonzanso sitima yawo. Ulendo uno anatsogolera ndi Dennistoun, msilikali weniweni wa pamadzi wotumizidwa ndi Britain. Asilikali a KAR anatsika kumtunda, nathamangitsa olondera, ndipo sitima ija anaiphulitsa ndi dainamaiti. Koma chitsulo sichifa msanga. Angerezi atalanda dera lonselo anaikonza, n'kuipatsa dzina latsopano loti King George, ndipo inayamba kunyamula katundu wa adani a eni ake.

Masamu a mtengatenga

Mu 1916 kunabwera Jenerali Edward Northey kudzatsogolera nkhondo yolowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kuno ndi ku Northern Rhodesia. Apa ndi pamene Guendolen inagwira ntchito yake yaikulu, ndipo sinali youmbera ayi. Inali yonyamula. Katundu wa nkhondo ankachokera kunyanja yamchere, kukwera Zambezi, kulowa sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe, kenako pamsewu kudutsa muno mu Zomba mpaka ku Fort Johnston. Msewu womwewu umene a nsomba mumadzera mukamakaoda chambo ndi usipa ku Mangochi. Kuchoka apo sitima za panyanja zinkatenga katunduyo kukatula kumadoko a kumpoto.

Tiyeni tichite masamu a pamsika. Mtengatenga mmodzi ankasenza makilogalamu pafupifupi 25, theka la thumba la chimanga. Ndiye kuti tani imodzi inkafuna amuna 40. Sitima ikatula matani 50 padoko, pafunika mitu 2,000 kuti katunduyo achoke pamenepo. Komanso wosenzayo amadya. Tiyerekeze kuti akudya kilogalamu imodzi patsiku: ulendo ukakhala wa masiku 25, ndiye kuti wadya katundu yense amene wasenza. Choncho asilikali akamapita patali, pankafunika anthu ena osenzera chakudya anthu osenza chakudya, ndi enanso osenzera amenewo.

Mwaona pamene pagona nkhani? Sitima siinachepetse mtolo wa agogo athu. Inauchulukitsa. Pamene Guendolen ndi zinzake zinkatula katundu wambiri kumpoto, m'pamenenso boma linkafuna amuna ambiri oti amutenge kuchoka padoko kukwera naye mapiri ozizira a tsidya lija, kumvula, opanda nsapato, ena opanda ngakhale bulangeti lokwanira. Chipambano chimene London inaombera m'manja ndi chimene chinatsegula khomo lotulukira amuna a m'midzi yathu.

Akatswiri a mbiri, monga Melvin Page amene anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi nkhalamba zimene zinaiona nkhondoyi, amati amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ena kangapo konse. Kalembera wa 1921 anapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni m'dziko lonse, kuwerengera amayi, makanda ndi nkhalamba. Ndiye onani nokha kuti ndi mudzi uti umene unatsala. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti akwanitse, amesenjala ankagwira anthu usiku, ndipo pena ankatsekera mkazi mpaka mwamuna wake atatuluka kumene wabisala. Ena anathawira kumapiri, ena anawoloka malire.

Zikwizikwi sanabwerere. Ambiri sanafe ndi chipolopolo koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala. Kumudzi nako kunali mavuto ake. Olima anachepa, boma linkafuna chimanga, mpunga ndi ng'ombe zodyetsa asilikali, ndipo zinthu zinakwera mtengo. Nkhondo itatha ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, kuno inapitirira mpaka mkulu wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anakatula zida ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala. Pamene anthu ankati tipume, kunagwa chimfine choopsa cha 1918, chimene chinayenda m'njira zomwezo za asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo.

Musaganize kuti izi zinali za mbali ya Angerezi yokha. Ajeremani anali ndi sitima yankhondo yeniyeni kunyanja yamchere, ya Königsberg, yolemera matani oposa 3,000. Angerezi anaitsekereza m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji n'kuimiza mu Julayi 1915. Ajeremani anazula mizinga yake 10, ya pakamwa pa masentimita 10.5, naiika pamagudumu. Nanga ankaikoka m'tchire ndani? Anthu akuda, ndi zingwe, mazanamazana. Kaya sitima ikule bwanji, ikafika mu Africa ya nthawi imeneyo mapeto ake anali pamsana pa munthu wosauka.

Chatsala n'chiyani?

Nkhondo itatha Guendolen inabwerera ku ntchito yake ya ubasi, kunyamula anthu ndi katundu, mpaka inakalamba ndipo anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940. Mzinga wake uli ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, musanakwere mlatho wa pa Shire. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, mmene anamangamo chifaniziro cha mbali ya kutsogolo ya sitimayi. Kuno ku Zomba tili ndi chipilala chachitali cha njerwa ku Cobbe Barracks, chokumbukira asilikali a KAR amene anafa, chimene mumachiona mukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre. Ndipo m'midzi mwatsala magule: beni, malipenga ndi mganda, ndi mayunifolomu ake, maudindo ake ndi kuguba kwake, zonsezo zinakula ndi anthu amene anaona perete wa asilikali.

Tsono taonani mmene mbiri imakonderera. Dzina la sitima tikulidziwa. Dzina la mwana wa nduna amene sanapondeko kuno tikulidziwa. La Rhoades, la Berndt, la Northey, onse ali m'mabuku. Ngakhale mzinga uli ndi malo ake pamphambano. Koma wodula nkhuni uja dzina lake ndani? Wosonkha moto uja? Mtengatenga amene anagwa m'njira, anzake n'kungomukwirira pambali ulendo n'kupitirira? Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafera Britain pa nkhondo imeneyi sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo ambiri mwa iwo anali a mu Africa muno. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo ya kwawo. Kupepesa titamva. Koma zaka zoposa 100 zinali zitadutsa, ndipo amene akanatchula mayinawo anali atagona kalekale.

Inu amene mumakaoda ku Dar es Salaam, msika uja wa Kariakoo mumaudziwa ngati khonde la kwanu. Kodi munafunsapo kuti dzinalo linachokera kuti? Linachokera ku mawu achingerezi akuti Carrier Corps, gulu la amtengatenga, chifukwa msasa wawo unali pamenepo. Ku Nairobi nako kuli Kariokor, tanthauzo lake lomwelo. Anzathuwo, kaya mwadala kaya mwangozi, anasunga chikumbutso cha osenza katundu pamalo oyenera, pamsika, pamene katundu amasenzedwa mpaka lero.

Ndiye ine pempho langa lili patatu. Loyamba likupita kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda wa Zomba ndi aphungu athu. Lamulo lotumiza Guendolen linachokera muno, katundu wa nkhondo anadutsa muno, asilikali ananyamukira muno. Kodi n'chapatali kuika mwala umodzi, wolembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakhomo la msika kapena pamsewu wa ku Mangochi, wonena kuti pano panadutsa amtengatenga? Sitikupempha chipilala chofika kumwamba. Njerwa zingapo ndi thumba la simenti, mwina ngakhale komiti ya msika itasonkha ingathe. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu ya pamsika ndi yambiri.

Lachiwiri likupita kwa inu nonse amene mudakali ndi agogo kumudzi. Amene anaiona nkhondoyi anatha, koma adzukulu awo alipo, ndipo ena amakumbukira kuti agogo awo aamuna anapita ku mtengatenga osabwerako, kapena anabwerako ndi chifuwa chosatha. Mukapita kumudzi kukatenga mbatata kapena nandolo, funsani. Lembani dzinalo ngakhale kumbuyo kwa kabuku ka ngongole. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Ndipo a nsomba, tsiku lina lole ikachedwa ku Mangochi, yendani mukauone mzinga uja. Mukauona muuze mwana wanu kuti chitsulo ichi chinkayenda chifukwa agogo ako ankadula nkhuni.

Lachitatu ndi la pakati pathu pompano, ndipo mundikhululukire ngati likuwawa. Mtengatenga sanathe. Alipo m'mawa uliwonse pageti la msika. Ndi mnyamata wa wilibala uja, ndi wa kabaza amene amakwera chitunda ndi matumba awiri a makala, ndi mayi uja amatsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, ndi bambo amene amakutsitsirani thumba la makilogalamu 50 pa lole, kuwirikiza kawiri mtolo wa nthawi ya Northey. Ife timatchuka ndi benchi yodzaza, makasitomala n'kumatitcha abwana. Koma ikafika nthawi yomulipira iye timayamba kunenerera, mawa, mawa, kapena kumuponyera kandalama kosagula ngakhale bulendi wa tiyi. Dzina lake sitilidziwa, timangoti iwe, aganyu. Ngati zimatipweteka kuti atsamunda analemba dzina la mzinga n'kusiya la munthu, tisachite zomwezo pa benchi pathu. Mufunseni dzina. Mugwirizane mtengo asanasenze, ndipo akatula mumupatse zake zonse, pompo.

Kwa lero ndalekera pomwepa. Amene muli ndi nkhani ya agogo anu a ku mtengatenga kapena amene anagwirapo ntchito m'sitima za panyanja, lemberani kuno kwa mkonzi, tidzaiika patsamba lino ndi dzina lawo lonse. Malonda akuyendereni bwino, tionana sabata yamawa Mulungu akalola.